Yaikulu, yapakati kapena yaing'ono: musanagule tikiti ya sitima yapanyanja, werengani kaye anthu

Munthu akaganiza zokwera sitima yokasangalala panyanja, ulendo umene azungu amautcha cruise, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Tipite kuti?" Ine ndimati funso limenelo lidikire kaye. Yambani mwafunsa kuti mukwera ndi anthu angati. Nambala imeneyi ndiyo imalamula pafupifupi zonse: mzere umene mudzaime pachakudya cham'mawa, madoko amene sitimayo ingakocheze, nthawi imene mudzakhale kumtunda, ngakhale nkhope imene eni mzinda adzakulandireni nayo. Bungwe la CLIA, lomwe limaimira makampani a sitimazi, linati m'chaka cha 2023 anthu oposa 31 miliyoni anayenda maulendo oterewa. Makampani akulimbirana anthu amenewa, ndipo aliyense ali ndi yankho lake pa zomwe okwera akufuna. Ena akuti anthu akufuna zazikulu, ena akuti akufuna bata. Onse akupeza makasitomala, choncho palibe amene akunama. Nkhani ndi yakuti inuyo muli mbali iti.

Mzinda woyandama

Sitima imene anthu amaitchula kwambiri masiku ano ndi Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean. Anaimanga ku Turku m'dziko la Finland, ndipo inayamba kunyamula anthu kuchokera ku Miami mu Januwale 2024. Ndi yaitali mamita pafupifupi 365, ndipo ikadzaza imanyamula okwera 7,600, kuwonjezerapo ogwira ntchito oposa 2,000. Muli maiwe osambiramo 7, malo otsetserekera m'madzi 6, bwalo la madzi oundana, munda wa mitengo yeniyeni pakati pa sitima, ndi malo odyera ochuluka moti sabata imatha musanawalowe onse.

Sindikufuna kuinyoza sitima yotere, chifukwa pali banja limene inamangidwira. Taganizani za banja limene lasonkhana kuchokera kumaiko atatu, agogo akuyenda ndi ndodo, mwana wa zaka zinayi sakhazikika, wachinyamata wa zaka 15 sakufuna kukhala ndi akuluakulu. Pasitima yaikulu aliyense amapeza pake. Ana ali ndi owasamalira, wachinyamata ali ndi anzake, agogo ali ndi malifti ndi mpando pamthunzi, ndipo madzulo onse amakumana patebulo limodzi popanda amene watopa ndi kuphika kapena kutsuka mbale. Kwa mayi amene moyo wake wonse tchuthi chimatanthauza kuphikira alendo, chimenechi si chinthu chaching'ono. Komanso sitima yaikulu sigwedezeka msanga ndi mafunde, zomwe zimathandiza amene amachita nseru pamadzi. Ndipo popeza zipinda ndi zambiri, tikiti ya chipinda cham'kati, chopanda zenera, imakhala yotsikirapo kusiyana ndi sitima zina zonse.

Koma walira mvula walira matope. Anthu masauzande akadzuka nthawi imodzi, onse amafuna tiyi nthawi imodzi. Ndinakwerapo sitima ya anthu oposa 4,000 panyanja ya Mediterranean, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri si zisudzo za usiku ayi. Ndimakumbukira m'mawa wina ndili ndi mbale m'manja, mazira akuzizira, ndikuzungulira holo yonse kufuna pokhala. Kunja, pafupi ndi dziwe, mipando yonse inali itaikidwa matawulo kuyambira mbandakucha, eni ake ali mtulo kuzipinda. Bambo wina wachikulire, mkazi wake ali panjinga ya olumala, anaima pakhomo la lifti. Malifti atatu anatseguka ali odzaza, ndipo iwo anangoyang'anana, mayiyo n'kugwira dzanja la mwamuna wake kuti adikirebe. Sitimayo inali yokongola, chakudya chinali chabwino, koma malo opumira anali ochepa poyerekeza ndi anthu.

Pali njira yodziwira zimenezi musanalipire. Sitima iliyonse ili ndi nambala ya kukula kwake, imene amailemba kuti gross tonnage. Gawani nambala imeneyo ndi chiwerengero cha okwera. Mukapeza cha m'ma 30, yembekezani kuthithikana. Mukapeza 50 kapena kuposa, mudzatambasula miyendo. Masamu a mphindi imodzi amenewa amanena zoona kuposa zithunzi zonse za m'kabuku kotsatsa malonda.

Vuto lachiwiri la sitima yaikulu lili kudoko. Si madoko onse amene angailandire, ndipo ena mwa amene angathe sakufunanso. Boma la Italy linaletsa sitima zazikulu kudutsa pakati pa mzinda wa Venice kuyambira mu Ogasiti 2021, ndipo tsopano zambiri zimakocheza ku Marghera, kapena kutali ku Ravenna ndi Trieste, okwera n'kuyenda pabasi. Khonsolo ya Amsterdam inavota mu 2023 kuti doko la sitimazi lichoke pakati pa mzinda. Ku Juneau, ku Alaska, anagwirizana ndi makampani kuti sitima zazikulu zisapose zisanu patsiku. Dziko la Greece linaika msonkho wa mayuro 20 pa munthu aliyense wotsikira ku Santorini ndi Mykonos nyengo ya alendo ambiri. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo masauzande otsika m'mawa uliwonse pakachilumba ka misewu yopapatiza salinso mame, ndi madzi osefukira. Makampani ayankha pokonza zilumba zawozawo, monga CocoCay ndi Ocean Cay ku Bahamas, kumene wokwera amatsika n'kupeza zonse zili za kampani yomweyo. Mchenga ndi woyera, madzi ndi abwino, koma simukumanako ndi msika, tchalitchi kapena mwana wopita kusukulu. Ngati munanyamuka kuti mukaone dziko la eni, pamenepo simunalione.

Mtengo wolembedwa ndi mtengo weniweni

Apa ndi pamene ndimaona anthu ambiri akupwetekeka mtima. Tikiti ya sitima yaikulu imalipira chipinda, chakudya cha m'malo odyera wamba ndi zisudzo. Zina zonse n'zapadera: zakumwa, intaneti, malo odyera apamwamba, maulendo a kumtunda, zithunzi, ngakhale khofi wabwinopo. Pamwamba pa izo, makampani ambiri a ku America amawonjezera ndalama yothokozera antchito, madola pakati pa 16 ndi 20 pa munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo ana nawonso amawerengedwa. Banja la anthu anayi pa ulendo wa masiku 7 lalipira kale madola oposa 400 lisanamwe ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi.

M'sitimamo ndalama sizioneka. Amakupatsani kakhadi kamene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotulukira komanso chikwama chanu. Mumangokagunditsa, n'kumwetulira, n'kupita. Usiku womaliza wa ulendo wanga uja, pepala linalowa pansi pa chitseko. Ndinakhala pabedi n'kuliwerenga mzere ndi mzere: madzi a m'botolo, intaneti ya masiku atatu, basi yochokera padoko kupita m'tauni, ndalama yowonjezera pa chakumwa chilichonse. Palibe chimene anandibera, zonse zinalembedwa penapake m'zilembo zing'onozing'ono. Koma mtima unawawa chifukwa ndinanyamuka ndikuganiza kuti ndalipira zonse. Safunsa anadya phula. Ndikamamva okwera akudandaula, nthawi zambiri sanena kuti ulendo ndi wodula, amanena kuti sanauzidwe poyera. Sitima za m'tsogolo zimene zidzakope anthu obwereza ndi zimene zidzalemba mtengo umodzi woona pachiyambi.

Zapakati, zosakwana anthu 3,000

Apa ndi pamene mtima wanga uli, ndipo sindibisa. Kampani ya Viking ili ndi sitima zapanyanja zonyamula anthu osakwana 1,000. Salola ana osakwana zaka 18, mulibe kasino, chipinda chilichonse chili ndi khonde lake, ndipo mtengo wa tikiti umaphatikiza intaneti, ulendo umodzi wa kumtunda padoko lililonse, ndi vinyo kapena mowa pankhomaliro ndi mgonero. Tikiti yake ndi yokwera kwambiri poyerekeza ndi ya sitima yaikulu, koma mukawonkhetsa zonse zimene mukanalipira padera, kusiyana kumachepa. Mukulipirira bata, mpando umene simulimbirana ndi munthu, ndi wantchito amene pofika tsiku lachitatu akudziwa kuti tiyi wanu mumamwa wopanda shuga.

Palinso Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, imene ili payokha. Inayamba kuyenda mu 2004, ndipo anaimanga kuti izidula nyanja ya Atlantic pakati pa Southampton ndi New York, ulendo wa mausiku 7 wopanda doko pakati. Thupi lake ndi lolimba ndi losongoka kutsogolo kuti lizing'amba mafunde akuluakulu. Imanyamula anthu pafupifupi 2,700, ili ndi laibulale ya mabuku masauzande, ili ndi makola a agalu ndi amphaka a okwera, ndipo masiku ena madzulo anthu amavala masuti ndi madiresi aatali. Kwa abale athu okhala ku Britain, Southampton ndi pafupi, sitima yapamtunda kuchokera ku London imafikako m'maola osakwana awiri. Koma dziwani kuti ulendo umenewu ndi wa munthu wokonda kukhala chete ndi buku, kuyang'ana madzi tsiku lonse. Amene amasungulumwa msanga adzaona sabatayo kutalika. Ndipo popeza mathero ake ndi New York, viza ya America iyenera kukhala m'manja.

Choipa cha sitima zapakati n'chakuti ana alibe zambiri zochita, ndipo zina mwa izo ndi zakale, zipinda zake zazing'ono, mapulagi a magetsi ochepa. Funsani chaka chimene sitimayo inakonzedwa komaliza.

Zing'onozing'ono: mitsinje, madzi oundana ndi gombe la Norway

Sitima za m'mitsinje ya Rhine ndi Danube ku Ulaya zimakhala zazitali mamita 135 ndi zopyapyala, kuti zikwane m'zipata za madzi, ndipo zimanyamula anthu osakwana 200. Zimakocheza pakati penipeni pa tauni, mumangotsika n'kuyamba kuyenda wapansi ku Cologne, Vienna kapena Budapest. Mafunde kulibe, nseru kulibe. Mdani wake ndi chilala. Mu 2018 ndi 2022 madzi a Rhine anatsika kwambiri moti okwera ambiri anamalizira mbali ya ulendo wawo pabasi.

Za ku Antarctica ndi nkhani ina, ndipo zimasonyeza bwino chifukwa chimene ndikulimbikira za chiwerengero. Malamulo a kumeneko salola sitima yonyamula anthu oposa 500 kutsitsa aliyense kumtunda, ndipo pamalo amodzi sipaloledwa anthu oposa 100 nthawi imodzi. Ndiye kuti wokwera sitima yaikulu amangoona madzi oundana ali pakhonde, pamene wa sitima ya anthu 150 amaponda pansi pafupifupi tsiku lililonse nyengo ikalola. Zambiri zimanyamukira ku Ushuaia m'dziko la Argentina, ndipo zimatenga masiku awiri kudutsa Drake Passage, madzi a pakati pa South America ndi Antarctica, kumene nyanja imadziwika ndi ukali. Mtengo wake ndi wa galimoto.

Imene imandifika pamtima ndi njira ya Hurtigruten ku Norway, yomwe inayamba mu 1893. Sitima zake zimayenda pakati pa Bergen ndi Kirkenes, kuima pamadoko 34, pena kwa mphindi zochepa chabe, zikutsitsa katundu ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, uku zitanyamulanso alendo. Amene anakwerapo Ilala panyanja yathu adzaizindikira nthawi yomweyo. Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951 pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, imachita zomwezo: ikaima patali ndi gombe ku Usisya kapena ku Ruarwe, maboti amatsitsidwa, matumba a chimanga ndi usipa akukwera ndi kutsika, amayi akupatsirana makanda, mudzi wonse uli pamchenga. Sitima yotere eni dera amaidikirira chifukwa ndi yawo, ndipo mlendo amene ali m'menemo amaona moyo weniweni wa gombelo. Zisudzo ndi maiwe mulibe. Chimene mumapeza ndi dziko likudutsa pang'onopang'ono pamaso panu.

Zimene okwera akuyembekeza pa sitima zikubwerazi

Intaneti inali dandaulo lalikulu kwa zaka zambiri, yodula koma yochedwa. Kuyambira 2022 makampani akuluakulu akhala akuika intaneti ya pasetilaiti ya Starlink m'sitima zawo, ndipo tsopano munthu atha kuimba foni ya kanema ali pakati pa nyanja. Chatsala ndi mtengo. Kwa ife amene tili ndi makolo kumudzi ndipo WhatsApp ndiyo njira yodziwira kuti adzuka bwanji, intaneti si chinthu chongosangalatsa.

Oyenda okha nawo akhala akulangidwa kwa nthawi yaitali, chifukwa chipinda amachiwerengera anthu awiri, ndipo wokhala yekha amalipira pafupifupi kawiri. Sitima ya Norwegian Epic, mu 2010, inabweretsa tizipinda ta munthu mmodzi, ndipo makampani ena atsatira, koma tizipindato timatha msanga. Amasiye ndi osakwatira ndi ambiri pakati pa okwera, ndipo sitima yatsopano imene ilibe malo awo yaiwala anthu okhulupirika kwambiri. Chimodzimodzi zipinda za oyenda panjinga ya olumala: n'zochepa, ndipo padoko limene sitima imaima patali n'kutsitsa anthu pamaboti, iwo nthawi zambiri amatsala m'sitima.

Pa za chitetezo ndi umoyo, zinthu ziwiri zinasintha maganizo a anthu. Mu Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, anthu 32 n'kumwalira, ndipo kuchokera pamenepo malamulo anakhwima kuti okwera aziphunzitsidwa za ngozi sitima ikamanyamuka, osadikira tsiku lotsatira. Mu Febuluwale 2020 Diamond Princess inatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan, ndipo anthu oposa 700 mwa pafupifupi 3,700 anatenga Covid-19. Kuyambira nthawi imeneyo anthu amafunsa za kayendedwe ka mpweya m'zipinda, za chipatala cha m'sitima, ndipo ambiri amafuna chipinda cha khonde kuti azitha kutsegula chitseko n'kupuma mphepo yakunja. Chipatala cha m'sitima n'cholipira, ndipo n'chodula, choncho inshuwalansi ya paulendo musaisiye.

Nkhani ya utsi ndi yovuta kuposa mmene otsatsa malonda amainenera. Sitima zatsopano zambiri, kuyambira AIDAnova mu 2018 mpaka Icon of the Seas, zimayendera gasi wachilengedwe woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi, wotchedwa LNG. Gasiyu amachepetsadi mwaye ndi utsi wonunkha umene anthu a m'madoko amadandaula nawo. Koma mbali ina ya gasiyo, methane, imatha kutuluka mu injini isanapse, ndipo imatenthetsa dziko kwambiri kuposa mpweya wa kaboni. Choncho mawu akuti "sitima yaukhondo" muziwamva mosamala. Chimene ndimachiona kuti n'chothandiza mosakayikitsa ndi kulumikiza sitima ku magetsi a kumtunda ikakhala padoko, kuti injini zizime. Juneau inayamba zimenezi mu 2001, Hamburg ndi Southampton ali nazo, ndipo malamulo a European Union akufuna kuti madoko akuluakulu akhale nazo pofika 2030. Ku Norway, sitima za kampani ya Havila ndi zina za Hurtigruten zili ndi mabatire akuluakulu otha kuziyendetsa mwakachetechete kwa kanthawi m'timikono ta nyanja tolowa pakati pa mapiri. Apanso zing'onozing'ono ndi zimene zikutsogola, chifukwa batire yoyendetsa mzinda wa anthu 10,000 sinapangidwe.

Pali chinthu chimodzi chimene okwera obwereza amachitchula kuposa zonse, ndipo sichimangidwa ndi zitsulo. Ndi antchito. Ambiri amachokera ku Philippines, Indonesia ndi India, amakhala m'sitima miyezi yambiri osaona ana awo, akugwira ntchito masiku onse a sabata, akugona m'tizipinda ta pansi. Ife amene tili ndi abale ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya ku Joni tikudziwa tanthauzo la kumwetulira kwa munthu amene mtima wake uli kwawo. Poyerekeza sitima, onani kuti wantchito mmodzi akusamalira okwera angati. Pa zazikulu amakhala atatu kapena kuposa, pa zapakati zabwino awiri, pa zodula kwambiri pafupifupi mmodzi. Nambala imeneyi imakuuzani za chisamaliro chimene mudzalandire, komanso za kutopa kwa munthu amene akukuyalirani bedi. Ndalama yothokozera ija, ngakhale ndadandaula za kubisika kwake, musaichotse pabilu, chifukwa ndi mbali ya malipiro awo.

Nanga woyamba kumene ayambire pati?

Kwa amene ali ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena South Africa, khomo lapafupi ndi Durban. Nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, kampani ya MSC imayendetsa maulendo afupiafupi a mausiku ochepa kuchokera kumeneko kupita kugombe la Mozambique, monga ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, ndipo ina imanyamukira ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ku Namibia. Ubwino wake waukulu ndi wa mapepala. Ulendo wa ku Mediterranean umafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, wa ku Caribbean wochokera ku Miami umafuna ya America, ndipo kampani sikubwezerani ndalama ngati mwakanizidwa kukwera chifukwa chosowa viza. Wa ku Durban ndi wa m'chigawo chathu chomwechi, ngakhale kuti ndi bwino kufunsabe kampaniyo za pasipoti yanu ndi makalata a ana musanalipire. Dziwaninso kuti pachilumba chopanda doko anthu amatsika pamaboti, ndipo mphepo ikakula kaputeni amatha kuletsa kutsika tsiku limenelo.

Maulendo afupiafupi amenewa amakhala aphokoso, a nyimbo mpaka usiku, ndipo sitima zake ndi za anthu masauzande. Ndi malo abwino oyeserapo ngati thupi lanu likugwirizana ndi nyanja. Sankhani chipinda chapakati pa sitima ndiponso cham'munsi, kumene kugwedezeka kumachepa, ndipo muone pamapu a sitimayo kuti pamwamba panu kapena pansi panu palibe holo yovinira. Mukabwerako mutakonda phokosolo ndipo ana akufunsa kuti tipitanso liti, sitima yaikulu ndi yanu, ndipo musachite nayo manyazi. Mukabwerako mukukumbukira kwambiri ola lija la mbandakucha, muli nokha pakhonde, dzuwa likutuluka m'nyanja ya Indian Ocean, ndiye sungani ndalama chaka china chimodzi kapena ziwiri, mudzakwere ya anthu osakwana 1,000.